Tsiku Limene Ndinam'vula Mwana Wanga Nsapato

Ana anga, za ubwana wanga ndi za ku koleji ya uphunzitsi ndazilumpha dala. Munazimva kambirimbiri, ndipo amayi anu amati ndikayamba kusimba za ulendo wapansi wopita kusukulu, mtunda wake umatalikira chaka ndi chaka. Mutu uno ndi wa zaka zimene ndinali mphunzitsi woyang'anira zamasewero m'boma lathu lino la Mchinji. Zinali zaka zabwino, ndikaziganiza ndimamwetulira ndekha. Koma m'kati mwake muli tsiku limodzi limene ndinatulutsa mkulu wanu Limbani m'bwalo la mpira, pamene anthu amene akanam'tenga kukasewera m'matimu akuluakulu anali atakhala pamipando akumuyang'ana. Mwayi wotero unkabwera kamodzi basi. Ndam'pempha Limbani chilolezo choti ndilembe nkhaniyi, ndipo wati ndilembe yonse, ndisadzikometsere.

1994 mpaka 1997: Mkanda

Chaka chimene tinasankha boma la zipani zambiri, pulayimale inakhala yaulere ndipo ana anadzaza mpaka pansi pa mitengo. Aphunzitsi tinaperewera paliponse. Ife amene tinali titatumikira ku pulayimale zaka zingapo anayamba kutikweza n'kutiponya m'masekondale oyendera, ndipo kalata yanga inati Mkanda. Katundu tinakweza pa lole ya fodya imene inkabwerera yopanda kanthu, amayi anu kutsogolo ndi Tadala ali wakhanda, ine ndi Limbani pamwamba pa matilesi titafumbata nkhuku. Tinafika tonse tili ofiira ndi fumbi, nkhuku zomwe.

Hedimasitala anali a Mbewe, bambo wamfupi, wa mawu ochepa, amene mpira sankaudziwa ngakhale pang'ono koma kugonja ankadana nako koopsa. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti popeza ndine wamtali, zamasewero ndi zanga. Ndinawauza kuti ine ndabwera kudzaphunzitsa jogalafe. Iwo anati jogalafe m'mawa, mpira masana, ndipo nkhani inathera pomwepo. Ndinakwiya sabata yathunthu, kenako ndinazikonda mpaka lero.

Katundu wa timu anali mpira umodzi, majezi khumi ndi atatu a mitundu iwiri, ndi nsapato za mpira mapeya asanu. Mpirawo ukaphulika tinkapita nawo kwa wokonza njinga pamsika kuti aumate, kenako kwa wosoka nsapato kuti ausoke. Pofika teremu yachitatu unali utasiya kukhala wozungulira ndipo unkadumpha kulowera kumene wafuna wokha. Mizere ya bwalo tinkalemba ndi phulusa. Mitengo ya pagolo inali ya bulugama, ndipo chiswe chinkaonetsetsa kuti tiziisintha chaka chilichonse. Ndikapita kwa a Mbewe kukapempha mpira watsopano, ankandifunsa ngati wakalewo watayika, ndikati ulipo, ankati ndiye vuto ndi chiyani.

Za nsapatozo ndifotokoze bwino, chifukwa zidzukulu zanga sizingamvetse. Anyamata ambiri ankasewera opanda nsapato, ndipo mapeya asanu aja ankavala okhawo amene ndawasankha. Lamulo lathu linali lakuti wolowa amavala za wotuluka. Ukafuna kusintha wosewera, sunkangoyang'ana amene watopa, unkayamba wayang'ana mapazi: amene akudikira kunjayu akwana nsapato za ndani m'bwalomu? Saizi ya mnyamata aliyense ndinkaidziwa pamtima kuposa malikisi ake. Zikavuta kwambiri, peya imodzi tinkaigawa pawiri, womenya ndi phazi lamanzere avala yakumanzere, womenya ndi lamanja avala yakumanja, phazi linalo lili pa dothi. Ankathamanga motsimphina, anthu n'kumaseka, koma zigoli ankamwetsa. Masukulu onse akumidzi ankachita chimodzimodzi ndipo palibe amene ankaziona zachilendo.

Ku Mkanda komweko ndi kumene ndinam'dziwira Fanuwelo. Anali wa msinkhu umodzi ndi Limbani, kalasi imodzi ku pulayimale, ndipo ankakhalira limodzi ngati mapasa. Bambo ake anali atamwalira, ndipo mayi ake ankalera ana asanu ndi mtedza ndi kamunda ka fodya. Tsiku loyamba kumuona akusewera, unali mpira wachikulunga kuseri kwa tchalitchi, ndipo ndinatsika panjinga n'kuima mpaka dzuwa kupendeka. Ankamenya ndi lamanzere. Ndaona anyamata mazanamazana pa ntchito yanga, koma phazi ngati lija sindinalionenso. Linali lalikulunso ngati khasu, ndipo iye ndi Limbani ankakonda kugundanitsa zidendene kuyeza kuti wamkulu phazi ndani. Amayi anu ankati awiriwa adzatisaukitsa tikadzayamba kuwagulira nsapato.

1998 mpaka 2000: Chiosya

Anandisamutsira ku Chiosya chaka chimene Limbani ankayamba Fomu 1, choncho anadzakhala mwana wanga kunyumba, wophunzira wanga m'kalasi, ndi wosewera wanga kubwalo. Fanuwelo anatsala ku Mkanda, n'kulowa sekondale yoyendera ya komweko. Awiriwa ankakumana masukulu athu akamasewera, ndipo tinkachita kugona tulo tochepa tikamva kuti sabata ino ndi Mkanda.

Limbani ankasewera pakati, nambala 8. Sanali wothamanga kwambiri, koma anali ndi maso. Mpira usanam'fike anali atadziwa kale kumene aupititse. Ndikuvomera pano kuti ndinkamuumira mtima kuposa ana a eni. Wina akalakwitsa ndinkamulangiza, iye akalakwitsa ndinkam'kalipira. Akachita bwino ndinkayang'ana kumbali. Ndinkaopa pakamwa pa anthu, chifukwa kwathu kuno mwana wa kochi ngakhale amwetse zigoli zisanu, wina adzanenabe kuti akusewera chifukwa cha bambo ake. Kubwalo ndinamuletsa kunditchula adadi. Ankati aphunzitsi ngati anzake onse.

Amayi anu ndiwo ankaonetsa poyera kuti mwanayo amawasangalatsa. Chaka china atakolola mtedza wawo, anatuma mayi wina wochita malonda a salaula, zovala za kaunjika zija, amene ankadutsa pa boda kukapikula ku Chipata, kuti akam'pezere Limbani nsapato za mpira. Zinatenga miyezi itatu chifukwa saizi 11 sinkapezeka wamba. Zitafika zinali zakuda, zokutha pang'ono kuchidendene, koma Limbani ankazipukuta ndi kansanza ngakhale tsiku limene sanazivale. Lamlungu masana ankakhala pafupi ndi wailesi kumvera mpira wa matimu a m'tauni, nsapatozo zili pamwendo. Sanabise kuti akufuna kudzatchulidwa pa wailesipo. Ine ndinkangoti ayambe wakhoza masamu, ndipo ankakhozadi.

Zamasewero za masukulu onse m'boma ankayang'anira a Gondwe, a ku ofesi ya zamaphunziro. Anali munthu wa suti ngakhale mu Okutobala, wokonda Chingerezi chachitali, koma ntchito ankaigwira ndi mtima wonse, ndisawanamizire. Ndiwo anabwera ndi nzeru yakuti m'malo moti anyamata athu azithera m'midzi osaonedwa ndi aliyense, tisankhe akatswiri a m'masekondale onse, tiwagawe matimu awiri, asewere masewero amodzi pa Boma, ndipo tiitane akuluakulu a matimu a ku Lilongwe adzadzionere okha. Anayenda maulendo angapo kukawanyengerera mpaka anavomera. Masukulu a m'mbali mwa msewu wa tala anapanga timu yawo, ife a Mkanda, Chiosya, Dambe ndi kwina konse tinapanga yathu. Anthu sanachedwe kutipatsa maina: a Patala ndi a Kufumbi. Kochi wa a Kufumbi anasankha ine. Posankha osewera, dzina la Limbani litafika ndinatuluka panja kuti anzanga agamule okha. Anam'sankha onse popanda wotsutsa, koma pofika kumsika nkhani inali yakuti kochi waika mwana wake.

Julayi 2001: pa Boma

Linali Loweruka la mphepo yozizira. Limbani ndi Fanuwelo anali mu Fomu 4, kutanthauza kuti chaka chotsatira sakanakhalanso m'gulu la ana asukulu. Anthu anadzaza bwalo mbali zonse, njinga zitaunjikana pansi pa mitengo, amayi akugulitsa nzimbe ndi zitumbuwa, ngakhale madalaivala a mathiraki amene ankadikira mapepala awo pa boda anabwera. Alendo a ku Lilongwe anali atatu. Wamkulu wawo anali bambo wa imvi, wosewera wakale, amene anakhala phee ndi kabuku pabondo. Anali atanena kale kuti satenga anyamata oposa atatu.

M'mawa womwewo a Gondwe anatiitana makochi awirife n'kutiuza kuti lero wopanda nsapato za mpira salowa m'bwalo. Anati alendo anena kuti sangayese munthu amene sanavale zimene azikavala kutauni, komanso iwo sakufuna kuti Mchinji ikasekedwe ku Lilongwe. Za nsapato anati tisade nkhawa, chifukwa munthu wina amene ankafuna uphungu wapereka thumba lathunthu. Thumbalo linafikadi, mwini wake n'kulankhula pafupifupi ola lonse. Titalimasula tinapeza mapeya okwanira, koma yaikulu pa zonse inali saizi 9. Sindinalabadire kwenikweni, chifukwa anyamata onse amene analipo anakwana, Limbani anali ndi zake, ndipo mutu wanga unali pa vuto lina: Fanuwelo sanaoneke.

Mphunzitsi wa ku Mkanda anandiuza kuti m'mudzi mwawo mwagwa maliro a nkhalamba ina, kuika ndi lero, ndipo Fanuwelo ali m'gulu la adzukulu okumba manda. Sakanathawa. Mnyamata akazemba kukumba manda a kwa anzake, tsiku la maliro a kwawo anthu amangokhala n'kumamuyang'ana, ndipo mayi wamasiye ngati wake sakanalola mwana kuwaputira zimenezo. Anati akamaliza kukumba abwereka njinga. Ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana njira ya ku Mkanda, ndipo tinayamba popanda iye.

Chigawo choyamba chija Limbani anasewera mpira umene sindinamuonepo akusewera. A Patala anali ndi anyamata onenepa, ozolowera nsapato, ndipo anatimwetsa chigoli msanga. Anyamata anga ena nsapato zachilendo zinkawaluma, ankathamanga ngati aponda minga. Limbani yekha ndiye anakhazika mpira pansi. Ankaulanda, kuusunga, kuugawa uku ndi uku, mpaka anapatsira mnzake mpira wodutsa pakati pa otchinga awiri, ndipo tinabweza chigoli. Ndinaponya diso kwa bambo wa imvi uja, ndipo ndinamuona akulemba. Limbani atagwiranso mpira, analembanso. Mtima wanga unadzaza, koma nkhope ndinaiumitsa monga mwa chizolowezi changa.

Wezulo ya kupumula itangolira, Fanuwelo anatulukira pa njinga yopanda mabuleki, akuimitsa ndi phazi. Buluku lake linali lofiira ndi dothi la kumanda, manja ali ndi matuza, milomo itauma. Anthu a ku Mkanda anayamba kuimba dzina lake. Tinam'patsa madzi ndi jezi, kenako tinakhuthula thumba lija. Saizi 9 inalowa zala zokha. Tinachotsa zingwe, tinayesa opanda sokosi, wina anabwera ndi sopo, koma chidendene chinakana. Dalaivala wina wa thiraki anavula jombo zake za ntchito n'kuti ayese zimenezo, anthu n'kuseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinali nditadziwa kale kuti pabwalo lonselo peya yokwana Fanuwelo inali imodzi, ndipo inali kumapazi kwa mwana wanga.

Ndinathamangira kwa a Gondwe n'kuwapempha kuti tichite zakwathu: Fanuwelo avale yakumanzere, Limbani yakumanja, onse asewere. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

"Aphunzitsi, mukufuna alendowa akasimbe kuti ku Mchinji anthu awiri amavala peya imodzi? Zimenezo muzikachita ku Chiosya. Pano ayi."

Ndinawapempha kuti mwina alowe wopanda nsapato kwa mphindi khumi zokha. Anakana. Ndinapsa mtima, ndinalankhula mawu amene ndinakawapepesa Lolemba, koma sanasunthe. Pobwerera ndinamva wina m'gulu la anthu akukuwa kuti kochi akubisa Fanuwelo kuti mwana wake aoneke yekha. Fanuwelo anali atakhala pansi, saizi 9 ija ili m'manja. Atandiona anati, "Zisiyeni aphunzitsi, ndingoonerera. Bola ndafika."

Apa ndiye ndinagwira njakata. Ndakhala ndikudzifunsa zaka zonsezi chimene chinandikankha, ndipo ndikuuzani zonse ziwiri. Choyamba, ndinkadziwa kuti Fanuwelo ndiye wosewera woposa onse m'boma muno, ndipo m'kalasi zinthu sizinkamuyendera. Akaphonya tsiku limeneli, ndiye kuti khasu mpaka imfa. Limbani anali ndi mutu wa sukulu, anali ndi bambo wolandira malipiro, anali ndi njira zina. Akulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ine ndinkakhulupirira zimenezo. Chachiwiri n'chochititsa manyazi: mawu a munthu wokuwa uja anandilowa. Ndinkafuna anthu aone kuti ine sindikondera. Gawo lina la zimene ndinachita linali chilungamo, gawo lina kunali kudzikonda, ndipo mpaka lero sinditha kuzilekanitsa.

Limbani anali ataima ndi anzake akumwa madzi, akuseka, thukuta lili kamukamu. Ndinamuitana.

"Limbani, vula nsapato. Um'patse mnzako."

"Adadi?"

Aka kanali koyamba kunditchula choncho pabwalo. Ndinabwereza kuti avule.

"Ndalakwitsa chiyani?"

"Sunalakwitse kanthu. Vula, nthawi ikutha."

Anakhala pa udzu n'kuyamba kumasula zingwe. Fanuwelo anakana, anati iye sangavale, kuli bwino abwerere kwawo. Limbani anam'kankhira nsapatozo osam'yang'ana n'kumuuza kuti avale msanga, ndipo yakumanzere ili ndi kamsomali m'kati, apinde sokosi pachidendene. Atatero anadzuka n'kupita kukakhala kumapeto kwa benchi, mapazi ali pa fumbi.

Zotsatira zake anthu akale a pa Boma amazisimbabe. Fanuwelo, munthu amene anakumba manda m'mawa n'kupalasa njinga ulendo wonse uja, anamwetsa zigoli ziwiri, china atapyola anthu atatu, china cha patali chimene goloboyi anangochimva kulira kwake. Tinapambana zitatu kwa ziwiri. Alendo anatchula maina atatu: Fanuwelo, goloboyi wa a Patala, ndi wotchinga kumbuyo wina wa a Patala. Anthu anandinyamula m'mwamba, ndipo amene ankanditukwana aja ndiwo anali patsogolo kundiyamika.

Gulu litayamba kubalalika, bambo wa imvi uja anandikokera pambali n'kundifunsa ngati nambala 8 wavulala. Ndinati ayi, inali nkhani ya nsapato. Anapukusa mutu n'kundionetsa kabuku kake. Nambala 8 inali pamwamba pa tsamba, itazunguliridwa kawiri. Anati womwetsa zigoli umamudziwa ndi mipira iwiri, koma wapakati amafunika umuone mpaka wezulo yomaliza kuti udziwe ngati ali ndi mpweya, ndipo Limbani akanamaliza masewerowo, malo a wotchinga kumbuyo uja anali ake. Sindinamuuze kuti ndi mwana wanga. Ndinangothokoza n'kuchoka.

M'mawa mwake tikukonzeka kupita kutchalitchi, Limbani anandipeza pakhonde ndikupukuta nsapato zanga. Anandifunsa ngati alendo aja ananenapo chilichonse za iye. Ndinati ayi, sanakutchule. Anati chabwino, n'kulowa m'nyumba. Ndinadziuza kuti ndikum'chitira chifundo, kuti akakhulupirira kuti sanamuone, aiwala msanga n'kulimbikira mayeso. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa nkhope yake.

2002 mpaka 2009: Dambe

Amayi anu sanandilankhule bwino mwezi wathunthu. Anati ine ndine munthu wotha kuvula mwana wanga malaya kuti anthu a pamsika andiombere m'manja, ndipo nsapato zimene anagula ndi mtedza wawo zapita ku Lilongwe popanda wowapempha. Zinapitadi, chifukwa Limbani anauza Fanuwelo kuti apite nazo, iye sazifunanso. Kuyambira tsiku lija sanakhudzenso mpira. Wailesi ya Lamlungu masana ankaisiya ikulira yokha. Sanandichitire mwano ngakhale kamodzi, ankandipatsa moni, ankandithandiza kumunda, koma nkhani zathu zinafupika.

Chaka chotsatira anandikweza kukhala hedimasitala ku Dambe, ndipo a Gondwe omwe aja ndiwo anandilembera kalata yabwino. Ku Dambe ndinakhala zaka zisanu ndi ziwiri zokoma. Tinaumba njerwa ndi makolo n'kumanga makalasi awiri, tinadzala mitengo kuzungulira bwalo, ndipo tinayambitsa timu ya atsikana ya mpira wamanja imene inavutitsa boma lonse. Mphunzitsi wa zamasewero akabwera kudzapempha mpira watsopano, ndinkadzigwira pakamwa kuti ndisam'funse ngati wakale watayika. Masewero a akatswiri aja anachitikanso kawiri, kenako a Gondwe atasamutsidwa anazilala.

Fanuwelo anasewera ku Lilongwe zaka zisanu ndi chimodzi mpaka bondo linam'kana. Dzina lake tinalimva pa wailesi kangapo. Timu yake inam'pezera ntchito, anaphunzira kuyendetsa galimoto, anawamangira mayi ake nyumba ya malata ndipo azing'ono ake awiri anawaphunzitsa mpaka Fomu 4. Akabwera ku Mchinji salephera kudzandiona, ndipo amakhala pansi ngakhale mpando ulipo. Limbani anakhoza bwino, anachita maphunziro a zachipatala, ndipo lero ndi amene odwala a kuchipatala chaching'ono kumene amagwira ntchito amamutcha dokotala. Ali ndi mkazi wabwino ndi ana atatu. Ndikayang'ana zonsezi sindinganene kuti zinathera poipa. Ndinapuma ntchito mu 2009 ndili wokhutira, kupatula kanthu kamodzi kamene kankandibaya ndikaona mwana wanga akudutsa pa bwalo la mpira osatembenuka.

Chaka chatha

Nthawi yokumba mtedza Limbani anabwera kudzatiyeza kuthamanga kwa magazi, monga amachitira mwezi ndi mwezi. Amayi anu anali kudimba. Tinakhala awiri pansi pa mtengo wa mango tikuthothola mtedza, dzuwa lili pamutu. Sindikudziwa chimene chinandigwira, mwina ukalamba, koma ndinangoyamba. Ndinamuuza kuti tsiku lija ndinam'namiza, kuti bambo wa imvi anandionetsa kabuku, nambala yake inali pamwamba, ndipo akanamaliza masewero akanam'tenga. Ndinalankhula maso ali pa mtedza, ndikudikira kuti akwiye, chifukwa anali ndi ufulu wonse wokwiya.

Anapitiriza kuthothola. Kenako anati, "Ndinkadziwa, adadi. Bambo aja anandipeza pa mpopi ndikutsuka mapazi. Anandiuza zonse, atangosiyana ndi inuyo."

 Ndinam'funsa kuti nanga ngati ankadziwa, m'mawa uja anandifunsiranji.

"Ndinkafuna ndimve kwa inu."

Anati za kuvula nsapato anazimvetsa pasanathe chaka, ndipo iyenso akanakhala kochi mwina akanachita chimodzimodzi, chifukwa Fanuwelo anali Fanuwelo. Anati moyo umene ali nawo amaukonda ndipo sausinthanitsa ndi wa wina. Chimene chinam'siyitsa mpira si kutuluka m'bwalo ayi. Anasewera pamaso panga zaka zinayi, mlendo wa tsiku limodzi anam'yamikira, koma bambo ake, ngakhale atapatsidwa mawu oti angobwereza, anati sanakutchule. Ananena zimenezi mofatsa, ngati akuuza wodwala kamwedwe ka mankhwala, kenako anandifunsa ngati mapiritsi anga ndikumwa pa nthawi yake.

Tsiku limenelo ndinangoti pepa mwana wanga, iye n'kuti zinatha kale. Koma sizinathe, chifukwa chimene anadzafuna pakhonde paja sindinam'patsebe. Choncho ndikuchilemba pano, pamene inu azing'ono ake ndi ana ake mudzawerenge. Limbani, chigawo choyamba chija panalibe wosewera wokuposa m'bwalo monse muja, wa Patala kapena wa Kufumbi. Sindinachite kuuzidwa ndi mlendo. Ndinaona ndekha, monga ndinkaonera masana aliwonse ku Chiosya pamene ndinkayang'ana kumbali. Unali katswiri, mwana wanga, ndipo ine bambo ako ndinkakunyadira.